Mutu 5: Mkanjo M'buti ya Bwana Harold

1. Kanthambi ka ku Mangochi

Ofesi ya maloya yomwe Naima ankagwirako ntchito inali ya zipinda ziwiri basi, kuseri kwa sitolo ya matayala, cha kufupi ndi mlatho. Ofesi yaikulu inali ku Blantyre. Kuno ku Mangochi kunali kanthambi chabe, ndipo m'kanthambimo munkakhala anthu awiri: Naima, kalaliki, ndi Sunganani, loya wachitsikana wa ku Ntchisi yemwe anali atangomaliza kumene maphunziro ake.

Naima sukulu anailekezera Fomu 4. Malamulo ankadziphunzitsa yekha. Mabuku akale a pa shelefu, ena odyedwa ndi chiswe m'mbali, ankawawerenga nthawi ya nkhomaliro, ndipo pomwe sakumva ankafunsa.

"Iwe udzakhala loya wovuta," Sunganani ankatero uku akuseka. "Mafunso akowa ngakhale ine amanditulutsa thukuta."

Vuto la Naima linali limodzi: mtima wapachala. Akaona chinthu chokhota, sankadikira kuti wina achiongole.

Mwini ofesiyo anali Bwana Harold, loya wamkulu wodziwika. Ankabwera mwa apo ndi apo, n'kumagona pa loji ina cha ku Makokola komwe ankasungirako boti lake. Akabwera, ofesi inkasanduka ndende.

Bwanayo ankamuitana Sunganani kuti "kamtsikana", ngakhale pamaso pa anthu odzafuna thandizo. Fayilo sankamupatsira m'manja, ankaiponya pansi kuti awerame. Tsiku lina anamutuma tiyi ali pakati pokambirana ndi wamalonda wa ku Chiponde, ndipo tiyi atafika anati, "Mwaona? Digiri yake ndi imeneyi." Akamadutsa kumbuyo kwa mpando wa Sunganani, dzanja lake linkachedwa pa phewa la mtsikanayo.

Munthu wodziwa malamulo onse a dziko, koma kalamulo kamene mwana aliyense amaphunzira ali kumsana kwa amayi ake, koti mnzako ndi munthu, kanamupita!

2. Mlandu wa Latif

Sabata imeneyo jaji wa khoti lalikulu anabwera kudzazenga milandu ku Mangochi. Majaji oterewa sabwerabwera. Mlandu ukaphonya pa ulendo umodzi, mwini wake amadikira miyezi ali m'ndende.

Umodzi mwa milanduyo unali wa Latif, msodzi wa ku Chembe. Boti lake linagubuduzika ndi mwera, ndipo mmodzi mwa anthu ake anamira. Boma linkati Latif ndiye anaphetsa munthuyo ponyamula katundu wopyola muyezo. Unali mlandu waulere, wa munthu wosauka, n'chifukwa chake Bwana Harold anauponyera kwa Sunganani. Mawa lake Sunganani ankayenera kukamupemphera belo. Kanali koyamba kuti aime pamaso pa jaji wa khoti lalikulu.

Tsono ku khoti lalikulu kuli mwambo wake. Loya amalowa atavala mkanjo wakuda ndi wigi yoyera. Wopanda zimenezi, ngakhale ataima patsogolo penipeni, jaji amangoti, "Sindikukuonani." Akatero ndiye kuti loyayo sangayankhule chilichonse. Sunganani anali ndi mkanjo wake watsopano, wosavalidwapo, m'chikwama chabuluu chomwe chinkakhala pa msomali kuseri kwa chitseko.

Masana a tsiku limenelo Bwana Harold anaima pa khomo la chipinda cha Sunganani.

"Kamtsikana, fayilo ya msodzi wakoyo ubwere nayo ku loji madzulo ano. Tikaiunike bwinobwino. Kuli kamphepo kabwino kumeneko."

"Fayilo ndi iyi, bwana, tebulo ndi ili. Tiiunike pompano."

"Ndati ku loji."

"Ku loji sindibwera, bwana. Ntchito ndimagwirira muno."

Anayankha modekha, ngati akungonena kuti kunja kwatentha. Bwana Harold anaseka kuseka kwa mano okha.

"Anzako anzeru amadziwa pomwe pali makwerero. Chabwino. Tionana mawa ku khoti."

Atatuluka, Naima anamenya tebulo.

"Achemwali, mpaka liti? Bwanji simumulalatira?"

"Mawa ndili ndi Latif," anatero Sunganani akutsegula fayilo. "Zinazi zidikire. Tandipatse buku lofiira lija."

3. Mawu a amjomba

Naima analeredwa ndi amjomba ake, mlongo wa mayi ake, Che Ibrahimu, mmisiri wokonza injini za maboti. Injini ya boti la Bwana Harold ankakonza ndi iwo, ndipo ndi iwo omwe anamupemphera Naima ntchito.

Ataweruka anawapeza pansi pa mtengo wa mango, manja ali bii ndi oyilo. Anawafotokozera zonse, mawu akuthamangitsana.

"Wallahi, amjomba, tsiku lina ndidzamuponyera fayiloyo kumaso!"

Che Ibrahimu anapukuta manja, n'kumulozera pa benchi.

"Khala pansi, mwali. Ukuiona bauti iyi? Yachita dzimbiri, yakana kumasuka. Wophunzira ntchito wopupuluma amaikapo sipanala yaikulu n'kukoka ndi mphamvu zonse. Bauti imathyokera m'kati, injini yonse yatha. Mmisiri amaithira oyilo, n'kuisiya, n'kubwereranso. Iwe ndiwe wa sipanala yaikulu. Chibadwire uli choncho. Amayi ako analinso choncho, Allah awachitire chifundo.

"Tsono mvera. Ntchito imene ijayi sindinaitole pa msewu. Ndinavula chipewa, ndinapempha. Bwana uja wanena kuti chaka chamawa akutumiza kukachita dipuloma ya malamulo. Ndani winanso angakutumize? Ine ndi masipanalawa? Atsikana anzako a Fomu 4 ali ku msika akukupiza ntchentche pa usipa. Iwe uli pa mpando, uli ndi mabuku. Sunga khosi, mkanda woyera udzavala. Za akuluakulu zisiye, dzanja lako lisakhudze munthu, lisakhudze katundu wa munthu."

"Ndiye ndizingoonerera?"

"Ndati dzanja. Sindinati lilime liname. Ukhoza kukhala chete, palibe angakumange. Koma wina akadzakuyang'ana m'maso n'kukufunsa chomwe unaona, bodza lisadzatuluke pakamwa pako. Umboni wabodza ndi haramu, Allah amaletsa. Chimenecho chokha ndiye ndilibe nacho oyilo wake."

Naima anadzuka. Anatenga ndowa n'kupita ku mpopi.

4. Chikwama chabuluu

M'mawa mwake Sunganani anatsogola pa kabaza kuti akaonane ndi Latif khoti lisanayambe.

"Chikwama changa ubwere nacho, Naima. Usachipinde."

Posakhalitsa Bwana Harold anafika ndi galimoto yake yaikulu ija, ya buti yagalasi. Nayenso anali ndi mlandu wake tsiku lomwelo.

"Iwe, longeza zonse m'buti. Changa, cha kamtsikana, mafayilo. Kwera tizipita."

Naima analongeza. Atafika pa bwalo la khoti, bwanayo anatulutsa chikwama chake ndi mafayilo. Naima atatambasula dzanja kuti atenge chabuluu, chitseko cha buti chinatsika. Phaa! Kiyi analira, n'kulowa m'thumba la jekete.

"Bwana, chikwama cha achemwali chatsala."

"Chatsala, eya. Tsono mvetsera. Wina aliyense akakufunsa, unene kuti mkanjo unapita nawo kositidwa ndipo waiwala kukatenga. Mwini wakeyo akaufuna, abwere adzapepese, anene kuti madzulo ano afika ku loji. Buti itseguka nthawi yomweyo."

"Nanga Latif?"

"Msodzi? Ndende siithawa." Anamuyang'ana kuyambira ku mpango mpaka ku nsapato. "Paja ukufuna dipuloma? Wokutumiza ndine. Wokuchotsa ndinenso. Usaiwale kuti amjomba ako anandigwadira."

Naima anathamangira kwa Sunganani n'kumuuza zonse monga zinalili. Sunganani anapita pomwe panaima Bwana Harold ndi maloya ena awiri achibambo.

"Bwana, ndikupempha chikwama changa."

"Chikwama chako ndingachidziwe ine? Funsa kalaliki wako." Anatembenukira kwa anzake aja. "Ana a masiku ano! Msilikali kubwera ku nkhondo wopanda mfuti."

Mmodzi anaseka. Winayo anayang'ana pa foni yake ngati mwalowa uthenga wofunika.

Sunganani anabwerera.

"Sindipepesa, Naima. Ndilowa momwemu. Jaji akakana kundiona, Latif yekha andione kuti sindinamuthawe."

Analowa ndi suti yake yokha, n'kukakhala pa tebulo la maloya.

5. Njerwa

Naima anatsala panja. Pa khonde la khoti panakhala mkazi wa Latif ndi khanda kumsana. Anali atalawirira kuchokera ku Chembe, atanyamula malaya oyera a mwamuna wake m'jumbo, oti avale potuluka.

Naima anayang'ana jumboyo. Anayang'ana galimoto. Chikwama chabuluu chinkaoneka bwinobwino kudzera pa galasi. Pafupi ndi mpanda panali mulu wa njerwa zotsala pomanga. Anatolapo imodzi.

Anali atakweza kale dzanja pamene mawu anamveka kumbuyo kwake.

"Ukaswa cha pakati, zidutswa zigwera pa chikwamacho. Mkanjo ung'ambika."

Anatembenuka. Anali Mayi Dinala, loya wa boma, mkanjo uli kale pa thupi, wigi ili m'manja. Ku Mangochi kuno ndani sankawadziwa? Mwana wa kuno konkuno, yemwe anakulira pa gombe akuyanika usipa ndi amayi ake, lero maloya a mimba zawo akamva kuti mlandu uli m'manja mwake amayamba kufunafuna madzi akumwa. Naima anali atawaonerapo kangapo ali pa benchi ya kumbuyo, ndipo akafika kunyumba ankayeserera kaimidwe kawo.

Koma lero anali a mbali inayo. Ndi iwo ankadzatsutsa belo ya Latif. Ndipo lamulo loyamba lomwe Naima anauzidwa polowa ntchito linali loti za mu ofesi sauza a mbali inayo.

"Mayi, m'katimo muli..."

"Sindiyankhula ndi munthu wonyamula njerwa. Sankha. Njerwa kapena ine."

Dzanja la Naima linakhala m'mwamba kanthawi. Kenako njerwa inagwa pa mchenga. Anafotokoza zonse: za tiyi, za phewa, za loji, za buti. Mayi Dinala anamvetsera mpaka kumapeto osamudula.

"Dzina lako ndani?"

"Naima."

"Naima, mwana wanga, mvetsera bwino, chifukwa sindibwereza. Ukanaswa galasili, mlandu wa lero ukanakhala wa galasi. Apolisi ali apo. Akanakutenga, ndipo bwana wakoyo akanaima pakati pa bwalo lino ngati wolakwiridwa. Za loji palibe akanazifunsa. Anthu akanangoti kalaliki wamisala waswa galimoto ya bwana wake. Ukanamupatsa mphatso.

"Anthu ngati awa amanenepa ndi zakudya ziwiri. Choyamba ndi anthu okhala chete. Chachiwiri ndi anthu oswa magalasi. Okhala chete amamubisa, oswa magalasi amamuyeretsa. Chimene amachiopa ndi chimodzi: munthu woima bwinobwino, manja ali pansi, n'kunena chomwe anaona, osaonjezera mchere. Ukali wakowo si woipa. Munthu wosapsa mtima akaona zoterezi asayandikire ntchito ya malamulo. Koma moto wa m'mbaula umaphika, wa pa denga umasiya anthu panja."

"Ndiye muwathandiza achemwali?"

"Belo ya msodziyo nditsutsa ndi mphamvu zanga zonse. Ndiyo ntchito yanga, ndipo kuli banja lomwe linataya mwana. Koma sindipambana mlandu chifukwa choti mnzanga amuvula. Lowa ukakhale pansi."

6. Mkanjo umodzi

Khoti linadzaza. Bwana Harold anakhala pa mzere wa kutsogolo, mkanjo wake uli bii, akudikira mlandu wake. Latif anali m'bokosi la oimbidwa mlandu, maso ali pa mkazi wake.

Jaji anali bambo wachikulire wa magalasi. Mlandu utaitanidwa, Sunganani anaimirira. Jaji anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ndikumva ngati pali wina waimirira, koma sindikukuonani."

M'khoti munachita zii. Bwana Harold anagwira pakamwa ngati akutsokomola.

Pamenepo Mayi Dinala anaimirira. Anavula wigi n'kuiika pa tebulo. Anavula mkanjo, anaukutumula kamodzi, n'kuyenda kudutsa kutsogolo kwa maloya onse aja. Anamuveka Sunganani ngati mayi akuveka mwana yunifolomu tsiku loyamba la sukulu. Mkanjowo unali waukulu, manja ake analendewera mpaka kubisa zala. Anaupinda manjawo, anamuika wigi pamutu, n'kubwerera pamalo pawo.

Jaji anakonza magalasi.

"Eya. Tsopano ndikukuonani. Yambani."

Sunganani anayamba. Mawu oyamba anatuluka ang'onoang'ono, koma achiwiri anakula. Anafotokoza kuti Latif ndiye anasambira kubwerera kukafuna mnzake uja, kuti anakadzipereka yekha ku polisi, kuti ali ndi banja ku Chembe ndipo alibe koti angathawire. Womasulira ankatembenuzira m'Chiyao, ndipo Latif ankagwedeza mutu.

Atamaliza, jaji anatembenukira mbali inayo.

"A boma? Mayi Dinala, inunso tsopano sindikukuonani."

Sunganani anavula msangamsanga. Mkanjo unawoloka tebulo, wigi pambuyo. Anthu a pa mabenchi anayamba kung'ung'udza, ena kuseka. Mayi Dinala anavala, ndipo atangovala anasanduka munthu wina. Anatsutsa mosanyengerera. Anati malire a Mozambique ali pafupi, msodzi ali ndi anzake tsidya lina, ndipo moyo wa munthu unatayika. Naima anachita kuluma chala. Kodi si omwewa amene amupindira Sunganani manja a mkanjo posachedwapa?

Mkanjo unawolokanso. Sunganani anayankha mfundo iliyonse, imodziimodzi, osasiyapo.

Jaji analemba kwa nthawi ndithu. Kenako anagamula kuti Latif atuluke pa belo, azikaonekera ku polisi ndipo asachoke m'boma la Mangochi. Mkazi wa Latif anakumbatira jumbo ija n'kuyamba kulira.

7. Funso la jaji

Jaji sanaitane mlandu wotsatira. Anavula magalasi.

"Ndakhala pa mpando uno zaka zambiri. Sindinaonepo maloya awiri otsutsana akubwerekana mkanjo ngati mtondo wa pamudzi. Chachitika n'chiyani?"

Bwana Harold anadzuka msanga, akumwetulira.

"Olemekezeka, ndipepese m'malo mwa ofesi yanga. Ndi kalaliki wathu. Anapita nawo mkanjo kositidwa ndipo waiwala kukatenga. Ana a m'midzi awa, timangowathandiza. Ndithana naye."

"Kalalikiyo alipo?"

Mitu yonse inatembenuka. Naima anaimirira.

"Ndi zoona zimenezi, mtsikana?"

Bwana Harold anamuyang'ana, nsidze zili m'mwamba. Dipuloma yonse inali m'nsidze zimenezo. Kungoti "eya", nkhani ikanathera pomwepo. Latif anali atapeza kale belo. Palibe akanamudzudzula.

Mawu ambiri anafika pa lilime la Naima nthawi imodzi, ena oti sanganenedwe m'khoti. Anayang'ana Mayi Dinala. Mayiwo anali atangoika manja awo onse awiri pa tebulo, phee.

Naima anatsitsa manja ake m'mbali.

"Si zoona, olemekezeka. Mkanjo sunapite kositidwa. Uli m'chikwama chabuluu, m'buti ya galimoto ya Bwana Harold, panja apo. Ndinalongeza ndine, anakhoma ndi iwo. Anandiuza kuti ndiname. Anati atsegula achemwali akavomera kupita ku loji kwawo madzulo ano. Ndi zomwe ndinaona ndi kumva."

Anafuna kuonjezera. Anatseka pakamwa.

"Bodza!" anakuwa Bwana Harold. "Olemekezeka, kamwana aka..."

"Khalani pansi, a Harold. Kapena ayi, imirirani. Galimoto yanu ili pafupi. Mesenjala akuperekezani."

Anatuluka. M'khoti munalibe wotsokomola. Pobwera, mesenjala anali patsogolo atanyamula chikwama chabuluu ndi manja awiri, ngati mbale ya mlendo. Anachiika patsogolo pa Sunganani.

"Kuiwala chabe, olemekezeka," anatero Bwana Harold, mawu atauma.

"Mukafotokoza kwa oyenera," anatero jaji. "Maloya muli ndi bungwe lanu losungitsa mwambo. Zomwe ndaona lero ndazilemba. Mayi Sunganani, valani mkanjo wanu. Mayi Dinala, khoti lino lakuonani."

8. Kiyi

Milandu ya m'mawawo itatha, Bwana Harold anamupeza Naima pa khonde. Sanakuwe. Anangotambasula dzanja.

"Kiyi wa ofesi."

Naima anamasula kiyi pa ngodya ya mpango wake n'kumuika m'dzanjamo.

"Mabuku aja uwaiwale. Dipuloma uiiwale. Ukagulitse usipa."

"Usipa si bodza, bwana," anatero Naima.

Galimoto inatuluka pa geti mwaukali, fumbi lili koboo.

Sunganani anabwera atavala mkanjo wake womuyenera, n'kumugwira manja onse awiri.

"Naima, wataya ntchito chifukwa cha ine."

"Inunso mwina mawa mulibe, achemwali."

"Mwina. Koma ndikukadandaula ku bungwe. Ndinkati ndipirire mpaka ndidzakule. Lero ndaona kuti kupirira kwanga kukanagoneka Latif m'ndende."

Mayi Dinala anatulukira, wigi ili m'khwapa, akudzikupiza ndi fayilo.

"Wigi yanga mwaitenthetsa, mnzanga," anatero kwa Sunganani. "Koma mwayankha bwino. Pa mlandu weniweni mudzakonzeke, sindidzakusiyirani mpata." Kenako anatembenukira kwa Naima. "Iwe wa njerwa. Dzanja likuyabwabe?"

"Pang'ono, mayi."

"Lizikuyabwa choncho, koma lizikhala pansi. Tsono usaganize kuti zatha. Dandaulo lopanda mboni ndi boti lopanda injini, ndipo mboni ndiwe. Munthu uja sabweranso ndi ukali. Ukali waulephera. Abwera ndi ulemu, adzera kwa anthu amene sungawakanize. Ukadzaona akuseka ndi abale ako, udziwe kuti mlandu wayamba."

Naima anabwerera kunyumba wapansi, dzuwa likuotcha. Njira yonse ankakonza mawu oti akawauze amjomba ake. Dzanja silinakhudze munthu. Silinakhudze katundu wa munthu. Lilime silinaname. Koma ntchito yomwe anavulira chipewa ija, yapita.

Atakhota pa ngodya ya mzikiti, anaima.

Pansi pa mtengo wa mango panali galimoto yaikulu ya buti yagalasi. Bwana Harold anali atakhala pa mkeka, nsapato atavula, kapu ya tiyi ili m'manja, akuyankhula motsitsa ngati mkamwini. Pambali pake panali injini ya boti yatsopano, ikadali m'katoni.

Che Ibrahimu anadzutsa mutu. Nkhope yawo sinkawerengeka.

"Naima," anaitana. "Vula nsapato ubwere kuno. Alendowa akuti ali nawe mawu."